Chaka Chimene Ana a Pulofesolo Eusébio Anayamba Kumva

A Eusébio Valentim anaphunzira kuwerenga kawiri pa moyo wawo, ndipo maulendo onse awiri anaphunzira m'chilankhulo cha eni ake. Ulendo woyamba kunali ku Zambia, kumene makolo awo anathawira nkhondo iwo ali kumsana. Pasukulu ya mumsasa wa othawa kwawo anawaphunzitsa kupereka moni m'Chingerezi. Atangoyamba kuchigwira Chingerezicho nkhondo inatha, banja linamanga mitolo n'kubwerera kwawo ku Maravia, m'dziko la Mozambiki, ndipo mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri, wamtali ngati bango, anakakhala pansi pakati pa tiana tamamina kuyambanso a, e, i, o, u m'Chipwitikizi.

Mphunzitsi wawo wa nthawi imeneyo anali ndi chibade cha mbuzi chomangirira chingwe. Mwana akangophonya n'kulankhula Chinyanja pabwalo la sukulu, ankachivala m'khosi mpaka atagwira mnzake akuphonyanso. Eusébio anachivala kwambiri moti anzake ankati ndi mkanda wake. Pomaliza sukulu anali atagwira phunziro limodzi lalikulu: Chinyanja n'chokalipira mbuzi ndi kufunsira mbeta, koma nzeru zimayenda m'Chipwitikizi.

Anakaphunzira uphunzitsi ku Tete, n'kubwerako ali pulofesolo, monga amatchulira mphunzitsi kumeneko, atanyamula cholembera chofiira komanso bata, mkanjo woyera uja amavala aphunzitsi. Anawatumiza ku kasukulu kena ka m'dera la Chiputo, kumene msewu umatha mu Disembala n'kudzayambanso mu Meyi. Kumeneko anakwatira a Delfina, mayi wa manja olimba, wolima chimanga ndi mtedza, woweta mbuzi ndi nkhumba. A Delfina ndiwo ankachapa bata ija Loweruka lililonse, ndipo ankaiyanika payokha, kutali ndi zovala za anthu wamba.

Kalasi ya a Eusébio inali yachinayi. Munali ana makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, ena okhalira njerwa, ena tizigubu tobwera nato kunyumba. Mphunzitsi anali mmodzi, maphunziro onse anali ake, ndipo phunziro lililonse linkatha mofanana.

“Entenderam?” ankafunsa a Eusébio, ndiye kuti mwamva kodi.

“Siiiim!” ankayankha ana, mpaka mbalame kuthawa mumtengo wa mango.

“Dúvidas?” Ndiye kuti alipo ali ndi funso.

“Nãããão!”

Mabuku ankafika mochedwa chifukwa cha msewu, ndipo akafika linkakhala buku limodzi pa ana asanu. Izi sizinkavuta, chifukwa ana a a Eusébio ankatha kuwerenga ngakhale buku lili chitsekere. Amadeu, mnyamata wokhala kumbuyo kwenikweni, ankawerenga tsamba lathunthu maso ali pawindo, ndipo tsiku lina anawerenga mosaphonya buku atalizondotsa. Masamu ankachita kuwaimba. Nyimbo yochulukitsa ndi zisanu inali yokoma kwambiri moti amayi odutsa kupita kumjigo anaigwira n'kumakasinjira chimanga. Pa sayansi ana ankatchula raiz, caule, folha, flor, fruto, mwaulemu ngati mayina a oyera mtima, osadziwa kuti zinthuzo ndi muzu, thunthu, tsamba, duwa ndi chipatso, zimene ankaziponda m'mawa uliwonse pobwera kusukulu. Pa phunziro la dziko ankatchula zigawo zonse za Mozambiki kuyambira kumpoto mpaka kumwera, chilichonse ndi mzinda wake, ngakhale ambiri a iwo anali asanapondeko ngakhale ku Fingoe, likulu la boma lawo lomwe. Phunziro la ntchito zamanja linkachitikira m'munda wa mtedza wa a diretolo, mkulu wa sukuluyo. Masewera olimbitsa thupi anali kutungira aphunzitsi madzi.

A Eusébio anaphunzitsa chonchi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo pa zaka zonsezo palibe mwana amene anawafunsapo funso, kupatula lopempha kupita kuseri. Iwo ankanyadira. Kutchalitchi akacheza ndi anzawo ankati, “Ine ndikafotokoza kamodzi, basi. Palibe wotsala.”

Zinthu zinasokonekera Lolemba lina mu Juni. A diretolo, a Baltazar, bambo wonenepa wokonda mtendere, anabwera kuchokera ku msonkhano wa aphunzitsi ku Fingoe atamangirira katoni kumbuyo kwa njinga yamoto. Anaitanitsa a Eusébio ku ofesi.

“A pulofesolo, zinthu zasintha,” anatero a Baltazar. “Akuti mwana azimva zimene akuphunzira.”

“Ana anga amamva. Muwafunse, akuyankhani kuti sim.”

“Akuti azimva m'chilankhulo cha kwawo. Pamene Chipwitikizi chawuma, muzithirapo Chinyanja. M'katonimu muli timabuku ta Chinyanja towerenga.”

“Ndiye azibwereranji kusukulu? Chinyanja ali nacho kale kunyumba.”

“Nanenso ndinafunsa choncho, koma chamumtima,” anatero a Baltazar. “Anatipatsa chakudya chamasana, ndipo ndinasaina.”

M'mawa mwake a Eusébio anaima kutsogolo kwa kalasi, anakonza kolala ya bata, anatsokomola kawiri, kenaka anati, “Mwadzuka bwanji, ana inu?”

Ana anayang'anana. Onse ankadziwa kuti a pulofesolo amalankhula Chinyanja, poti anali atawamvapo akuthamangitsa nkhumba m'dimba, koma kuchimva chikutuluka m'kati mwa bata kunali ngati kuona wansembe akusewera mpira. Kamtsikana kena ka maso akuthwa, dzina lake Marcelina, ndiko kanayankha.

“Tadzuka bwino, a pulofesolo. Ife timayesa kuti mukavala choyeracho Chinyanja chimatsalira kunyumba.”

A Eusébio anatsegula buku la Chipwitikizi pa nkhani imene ana anakhala akuiimba kuyambira mu Malichi, n'kuyamba kuimasulira. Inali nkhani ya mnyamata wa mumzinda amene anadzuka, anatsuka mano, anamwa tiyi, anaima pamsewu kudikira kuti nyali yofiira isanduke yobiriwira, n'kuwoloka.

“Kenako?” anafunsa Marcelina.

“Kenako yatha.”

“Basi? Sanagundidwe?”

“Sanagundidwe.”

“Ndiye miyezi itatu yonseyi timaimba za munthu wongowoloka msewu?”

Limenelo linali funso loyamba, ndipo linatsegula khola. Pa masamu a Eusébio analemba pa kwadulu, thabwa lakuda lija, samu imene chaka chilichonse ana ankaiyankha ndi liwu limodzi loti sete, ndiye kuti zisanu ndi ziwiri. Tsopano anainena m'Chinyanja: mlimi ali ndi mbuzi khumi ndi ziwiri, wagulitsa zisanu, zatsala zingati? Manja anakwera m'mwamba ngati mapesi.

“Anagulitsiranji zisanu nthawi imodzi? Kunali maliro?”

“Akazi ake akudziwa?”

“Ngati wagulitsa mikota yoyamwitsa, tiana tifa. Ndiye sizitsala zisanu ndi ziwiri.”

Pa sayansi buku linkati nyama zakutchire, monga njovu, zimakhala m'nkhalango. Amadeu anati buku lalakwitsa, njovu zimakhala m'munda mwa atate ake kuyambira chimanga chikamakhwima. Buku linkati dothi lilipo la mitundu itatu. Ana anatchula mitundu isanu ndi inayi, ndipo Amadeu yemweyo, amene achimwene ake ankakumba golide, anafotokoza mmene dothi limasinthira mtundu munthu akamatsika m'dzenje, mpaka pa mwala woyera umene okumba amausangalalira. A Eusébio anamvetsera jizi, choko cholembera chija, ali m'manja, osadziwa choti alembe. Atanena kuti dziko ndi lobulungira ngati lalanje ndipo limazungulira, Marcelina anafunsa chifukwa chake madzi a mu Zambezi satayika dziko likafika pozondoka. A Eusébio anayang'ana wotchi yawo n'kulengeza kuti nthawi yopuma yakwana, ngakhale inali isanakwane.

Choipitsitsa chinachitika Lachinayi. Mwana wina anafunsa kuti mbuzi imakhala ndi bere miyezi ingati. M'buku munalibe. A Eusébio anaganiza kuti Mulungu sangavutike kupanga masamu osiyanasiyana, ndiye anati miyezi isanu ndi inayi, ngati munthu. Kalasi yonse inagwa nacho chiseko, ena mpaka kugubuduka pa njerwa zawo.

Masana atafika kunyumba anapeza a Delfina akusenda chinangwa pakhonde, nkhope ili gwa.

“Bambo a Elsa, mwati mbuzi imatenga miyezi ingati?”

“Zafika kale kuno?”

“Zafika kumjigo. Amayi akundifunsa ngati mbuzi zathu zimapita kusikelo. Miyezi isanu, bambo. Mbuzi zimene zimaswera kuseri kwa nyumba yanu yomweyi. Mukanangoti sindikudziwa, bwenzi mutathyoka mwendo?”

“Mphunzitsi sanena choncho, mayi a Elsa.”

“Ndiye azinena zoti mkazi wake alephere kukatunga madzi?”

A Eusébio analowa m'nyumba n'kuvula bata.

Koma chimene chinawalasa mtima sichinali chiseko cha mbuzi. Sabata yotsatira anatsegula katoni ija n'kugawa timabuku ta Chinyanja. Tinali tatsopano, palibe amene anatiimbapo. Anaitana Amadeu, katswiri wowerenga, kuti ayambe. Amadeu anaima, anayang'ana tsamba, anayang'ana pawindo, koma pawindo panalibe kanthu. Anati, “A pulofesolo, yambani inuyo, ine ndigwirizira.” Anaitana wina, chimodzimodzi. Anayesa mzere wonse, kenaka kalasi yonse. Pa ana makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, amene anatha kulumikiza zilembo n'kutulutsa mawu anali anayi okha, ndipo mmodzi mwa anayiwo anati anaphunzitsidwa ndi azakhali ake pa buku la nyimbo za kutchalitchi.

A Eusébio anawerenga chamumtima zaka zawo khumi ndi zisanu ndi zitatu, anakumbukira ana onse amene anadutsa m'manja mwawo akukuwa kuti sim, ena tsopano ali ndi ndevu. Sanakalipe. Anafufuta zonse zimene zinali pa kwadulu, analemba chilembo chimodzi chachikulu, n'kunena kuti, “Ichi ndi m. Ndi chimene chimayamba pa mbuzi, imene imatenga miyezi isanu.”

Kuyambira tsiku limenelo ola loyamba linali la zilembo. Ana ankalemba ndi zala pamchenga wa pabwalo, ankaumba zilembo ndi dongo, ankatola mawu kulikonse. Judite, mtsikana wachete amene kwa zaka zinayi aphunzitsi ankamuyesa wogontha, ndiye anayamba kuthamanga. Pofika mu Ogasiti ankawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo: matumba a mbewu, zigubu za mafuta, malaya a anthu odutsa. A Eusébio nawonso anaphunzira mawu atsopano. Ulendo woyamba kunena kuti sindikudziwa anachita kutembenukira kukhoma, koma denga silinagwe, ndipo Marcelina anangoti, “Mukafunse, mudzatiuze mawa.”

Vuto linali lakuti zimene ana ankamva sizinkatsalira m'kalasi. Ataphunzira za zakudya zomanga thupi, anapita kwawo kukafuna mazira. Ataphunzira zosamba m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, anafunsa kuti chimbudzi chake chiti, poti cha sukulu chinagwa ndi mvula ya chaka chatha. Kenaka linafika phunziro la ufulu wa ana. Phunziroli linali m'buku zaka zonsezi, ndipo ana ankaliimba mokoma popita ndi makasu kumunda wa a diretolo. A Eusébio atalimasulira, Lachisanu lake, tsiku la ntchito zamanja, palibe mwana amene anabwera ndi khasu.

A Baltazar anatuluka mu ofesi thukuta lili kamukamu. “Makasu ali kuti?”

“Tsamba makumi anayi ndi chimodzi, a diretolo,” anayankha Marcelina mwaulemu, atapinda mawondo. “Akuti mwana asagwiritsidwe ntchito yolemetsa. Judite akhoza kukuwerengerani.”

Sabata yomweyo makolo anabwera pasukulu osaitanidwa. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo amene anayamba kulankhula anali a Fátima, mayi ake a Marcelina.

“A pulofesolo, ife tinakupatsani ana aulemu. Ankabwera kunyumba, tikawafunsa kuti mwaphunzira chiyani, ankatiimbira Chipwitikizi, ife n'kusangalala, iwo n'kupita kukatunga madzi. Lero mwana wanga akuwerengera nkhuku zanga mazira. Dzulo wandifunsa chifukwa chake ndimathira madzi akumwa m'chigubu chimene munali mankhwala a thonje. Bwererani ku Chipwitikizi, chonde. Chinalibe vuto ndi munthu.”

Anthu anavomera ndi mitu. Koma bambo wina wokalamba, agogo ake a Judite, anaimirira ndi ndodo yake n'kunena kuti iwo alibe mawu ambiri. Anati kwa chaka chathunthu akhala akumwa mapiritsi awo a kuchipatala awiri m'mawa, limodzi madzulo, ndipo mdzukulu wawo wawerenga pakapepala n'kupeza kuti ndi limodzi m'mawa, awiri madzulo. Anati chizungulire chija chasiya. Atatero anakhala pansi. Msonkhano unatha wopanda chigamulo, aliyense akulankhula ndi mnzake.

Mu Okutobala, msewu ukadali wouma, kunabwera uthenga woti woyendera masukulu afika Lachitatu. A Baltazar anagwira a Eusébio pamkono kuseri kwa ofesi.

“A pulofesolo, ndakupemphani. Tsiku limodzi lokha, bwezeretsani kalasi ija yakale. Aimbe, ayankhe sim, mlendo adye nkhuku, azipita.”

“Koma si inu munabwera ndi katoni?”

“Ndinabwera nayo, koma sindinadziwe kuti muli zimenezi.”

A Eusébio anawamvera chisoni mkulu wawoyo, ndipo anawakonzekeretsa ana masiku awiri. Lachitatu woyendera uja anafika pa njinga yamoto, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anali mayi wamfupi wa magalasi, a Anastácia. Anakhala kumbuyo ndi kadelino kawo kolembamo. Ana anaimba zigawo za dziko, anaimba kuchulukitsa ndi zisanu, anaimba za mnyamata wowoloka msewu. A Baltazar ankamwetulira pakhomo. Kenaka a Anastácia anaimirira, anapita kutsogolo, ndipo mwa chizolowezi chabe anafunsa kuti, “Dúvidas?”

Manja makumi anayi anakwera.

A Anastácia anabwerera m'mbuyo pang'ono. Pa zaka zawo zonse zoyendera masukulu, funso limeneli linali lisanawabweretserepo dzanja. Analoza Amadeu, amene anafuna kudziwa ngati wolemba buku la sayansi anaonapo njovu. Analoza wina, amene anafunsa kuti chimbudzi adzakonza liti. Analoza Marcelina, ndipo Marcelina anatulutsa funso lake la madzi a mu Zambezi, limene linali likudikirabe kuyambira mu Juni.

Mayiwo anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati m'Chipwitikizi ndi chifukwa cha gravidade. Marcelina anafunsa kuti gravidade n'chiyani m'Chinyanja. A Anastácia anayang'ana a Eusébio, a Eusébio anayang'ana denga. Kenaka mayiwo anaseka, anapempha ndowa yaing'ono ya madzi ndi chingwe, natulutsa kalasi yonse pabwalo. Anazunguza ndowa ija m'mwamba mwamphamvu, madzi osatayika, ana n'kukuwa. Atafunsidwa ngati dziko nalonso lili ndi chingwe, anavomera kuti chitsanzocho sichikukwanira bwino, kuti dziko limachita kukoka zinthu zonse ngati mmene maginito amakokera misomali, ndipo kuti zotsalazo akazifufuza. Pamene ankanena zimenezi dzanja linatopa, ndowa inapendekeka, madzi onse anathera pa nsapato za a diretolo.

Asanachoke anatenga kabuku ka Chinyanja, anatsegula pakati, n'kuloza ana khumi mwachisawawa. Asanu ndi awiri anawerenga, movutikira koma anawerenga. Anawapatsanso buku la Chipwitikizi pa tsamba limene anali asanafikepo, ndipo asanu anatulutsa mawu, mmodzi n'kufunsa tanthauzo lake.

Lipoti linafika patapita milungu itatu. Linati kalasi yachinayi ndi yaphokoso, mphunzitsi sakutha kuwakhazika chete ana, ndipo ali m'mbuyo ndi mitu isanu ndi umodzi pa ndondomeko ya chaka. M'munsi mwake, ndi cholembera cha mtundu wina, munali mzere umodzi wopempha kuti chaka chamawa a Eusébio apatsidwe kalasi yoyamba, kuti ana azifika m'kalasi yachinayi akudziwa kale kuwerenga. A Baltazar anawerenga lipotilo kawiri osadziwa ngati awadzudzule a Eusébio kapena awayamikire, ndiye anachita zonse ziwiri, n'kulemba aganyu awiri oti akapalire mtedza.

A Eusébio akuphunzitsabe pasukulu pomwepo, tsopano tiana ta kalasi yoyamba. Makolo ena anasamutsira ana awo kusukulu ya kutsidya kwa mtsinje, kumene akuti ulemu ukadalipo, koma ena ochokera kutsidyako anayamba kutumiza awo kuno, moti chiwerengero sichinasinthe. Ana a makalasi apamwamba amabwerabe pawindo lawo nthawi yopuma kudzasiya mafunso, ndipo iwo amawalemba m'kadelino kapadera. Loweruka m'mawa amakwera njinga mpaka pa kaphiri kena kamene foni imagwira, n'kuimbira mwana wa mlongo wawo amene amaphunzira za unamwino ku Tete. Mtsikanayo amayankha zimene akudziwa, zina amakafunsa anzake, zina amangoseka.

Loweruka lapitali anthu opita kumunda anakumana nawo akukankha njinga pa chitunda, thukuta likutsika, kadelino kali m'thumba la malaya. Munali mafunso makumi atatu ndi limodzi. Wina anawafunsa kuti lalikulu ndi liti sabata ino. A Eusébio anaima, anapuma, anatsegula tsamba loyamba n'kuwerenga ndi nkhope ya munthu amene ali pa ntchito ya boma: “N'chifukwa chiyani nkhuku imamwa madzi koma sikodza?” Anthu aja anaseka, kenaka anasiya kuseka, n'kuyamba kutsutsana okhaokha. Awiri anatula makasu n'kuwatsatira a pulofesolo kukwera phiri kuti akamve okha yankho.